KUTSEKA NYANJA NDI KUTSEKA SUKULU: Kuunikanso zimene timakamba za mliri wa Covid-19

Nkhani ya mliri wa Covid-19 ikabuka pakati pa anthu akuno ku Mangochi, kaya ndi pasiŵa, kaya ndi pamthunzi pamene asodzi akusoka maukonde ao, kaŵirikaŵiri imathera pa mau amodzimodzi. Amati: "Ife tidaukana m'bindikiro, ndipo taonani, tikali moyo. Anzathu a ku Joni adaŵatsekera m'nyumba, koma adafa kuposa ife." Mauŵa amakambidwa monyadira, ndipo ndaŵamva kwa Asilamu ndi kwa Akhristu omwe, kwa ophunzira ndi kwa amene sadapondeko m'kalasi. M'nkhani ino ndifuna kuŵaika mau ameneŵa pasikelo, pakuti ndikuona kuti mbali ina ya mauwo njoona, koma mbali inayo ikuphimba mlandu umene sitidauzengebe.

Tiyambe takumbutsana mmene zidayendera. Pa 20 Malichi 2020, nthendayo isanapezeke mwa munthu ndi mmodzi yemwe m'dziko muno, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa. Odwala atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Pa 14 Epulo, odwala asanakwane ndi 20 omwe, boma lidalamula kuti kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi, masiku 21, anthu abindikire kwao ndipo misika ikuluikulu itsekedwe. Pulezidenti adachenjeza kuti popanda kutero anthu okwana 50,000 angathe kufa. Mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu adakhamukira m'miseu, nanena kuti njala idzaŵapha nthenda isanaŵapeze. Tsono pa 17 Epulo, litangotsala tsiku limodzi, Woŵeruza Kenyatta Nyirenda wa Bwalo Lalikulu ku Lilongwe adapereka chiletso, bungwe la Human Rights Defenders Coalition litakadandaula. M'bindikiro uja sudachitike.

Ndinene poyera kuti pa m'bindikiro umenewu anthu wamba adaona bwino kuposa amene adaulamula, ndipo liu lenilenilo likuŵachitira umboni. Kubindikira si kwachilendo pakati pathu. Mai akachira amakhala m'chikuta kufikira mchombo wa mwana utagwa. Anyamata akaloŵa kundagala amatha milungu osaonekera pamudzi. Anamfedwa nawo amakhala m'nyumba masiku onse a maliro. Ngakhale ife ansembe tili ndi m'bindikiro wathu wa chaka ndi chaka, ndipo ndivomere kuti sindidaonepo wansembe akuchokako ataonda. Pa mibindikiro yonseyi pali lamulo limodzi losalembedwa, lakuti wobindikira sadziphikira. Kunja kumakhala wina wotunga madzi, wotola nkhuni ndi wotula nsima pakhomo, pakuti amene wakutsekera chitseko ndiye wasenza udindo wa mimba yako. Boma lidabwereka liu lathuli, koma mbale ya nsima lidaisiya m'mbuyo. Ndalama zothandizira mabanja, K35,000 pamwezi, zidalengezedwa kumapeto kwa Epulo, chiletso chitaperekedwa kale. Zidali za m'mizinda inai yokha, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo padapita miyezi yambiri zisanafike m'manja mwa eni ake. Boma la Mangochi, limene pa kalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, silidali pamndandanda umenewo.

Mlovi wa ku Msaka kapena wa ku Makawa alibe nkhokwe kuseri kwa nyumba. Usipa umene wagwira usiku uyenera kufika pathandala m'maŵa, ndipo wageni ayenera kuunyamula kupita nawo ku Limbe usanaonongeke, apo ai onse aŵiri agona ndi njala. Wakabaza wa pamlatho wa Bakili Muluzi amadya madzulo zimene wapalasa masana. Kuonjezera apo, masiku 21 aja akadaphatikizamo milungu iŵiri yoyamba ya Ramadani, m'boma limene anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo chakudya chomasulira kusala amachigula tsiku lomwelo. Ndimakayika ngati olemba lamulo lija adayang'anako pakalendala ya anansi athuŵa.

Thomas Aquinas Woyera, potsata Isidore wa ku Seville, adaphunzitsa kuti lamulo lopangidwa ndi anthu liyenera kukhala lotheka kulisunga, poganizira chibadwa cha munthu, mwambo wa dzikolo, malo ake ndi nthaŵi yake. Lamulo lolamula zosatheka limangokhala ndi dzina la lamulo, koma mphamvu yomanga chikumbumtima lilibe. Oŵeruza atatu amene adaunika mlanduwu monga bwalo la malamulo aakulu a dziko adafika pafupi ndi ganizo lomweli mu Sepitembala 2020. Adapeza kuti nduna idatsamira pa lamulo la zaumoyo, limene lidalembedwa mu 1948 m'nthaŵi ya atsamunda, nichotsa ufulu wa anthu osatsata njira imene malamulo aakuluwo adaika. Adatinso kutsekera amphaŵi m'nyumba popanda kuŵakonzera chakudya nkuika moyo wao womwewo pachiswe. Chigamulochi ndimachilemekeza, ngakhale ndidzanena pambuyo pake chimene sichidathe kuchiona.

Alipo ena mwa ophunzira athu amene amati chidakanitsa anthu ndi umbuli, ndi kuti anthu akunyanja makamaka ngosamva lamulo. Sindigwirizana nawo. Palibe anthu m'Malaŵi muno odziŵa kutseka ndi kutsekula kuposa asodzi. Pachilumba cha Mbenji, ku Salima, Mfumu Makanjira ya kumeneko imatseka nyanja nyengo yonse ya mvula, kuyambira mu Disembala, ndi kudzaitsekula ndi mwambo mu Epulo, ndipo mwambowu wakhala ukusungidwa kuyambira cha m'ma 1950. Asodzi amasamuka pachilumbapo, namvera, chifukwa wotsekayo amamdziŵa, tsiku lotsekulira amalidziŵa, lamulo silisankha mwini ngalaŵa wolemera kapena mlovi, ndipo phindu lake amaliona ndi maso utaka ukachuluka. Ku Malombe zidayenda mwina. Kumeneko nyengo yotseka idali papepala la boma, koma makoka ankakokedwabe, mpaka chambo chidatsala pang'ono kutheratu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Nchifukwa chake mu 1993 boma lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko, litazindikira mochedwa kuti nyanja siitsekedwa ndi kalata yochokera ku ofesi.

M'bindikiro wa 2020 udafanana ndi kutseka kwa ku Malombe. Otsekawo sadadzitsekere okha. Chisankho cha Pulezidenti cha 2019 chidali chitafafanizidwa ndi bwalo pa 3 Febuluwale 2020, ndipo kufikira tsiku lobwereza chisankhocho, pa 23 Juni, zipani zonse zidachititsa misonkhano ya anthu zikwizikwi, ophathikizana ndi oimba kukamwa kuli poyera. Munthu amene wauzidwa kuti pamwambo wake pasapitirire anthu 100, kenaka naona malole akututa anthu kupita kumsonkhano wa ndale, safuna digiri kuti adziŵe kuti lamulolo eni ake sakulikhulupirira. Ambiri adaganiza kuti m'bindikiro udali njira yozengerezera chisankho. Kaya adalondola kaya adalakwa, kukayika kwaoko kudali ndi pogwira.

Mpaka pano ndayenda limodzi ndi mau aja onyadira. Apa ndipo ndipatukana nawo. Kunena kuti "tikali moyo, choncho tidakhoza" nkuganiza kopunduka, kumene wophunzira wa chaka choyamba cha filosofi ayenera kukuzindikira msanga. Msodzi woledzera akaoloka nyanja mwera uli pakati nafika bwino kutsidya, kufika kwakeko sikusandutsa ulendowo kukhala wanzeru. Chochita cha munthu timachiŵeruza poona zimene ankadziŵa pochichita, ndipo mu Epulo 2020 padalibe munthu, kaya venda, kaya woŵeruza, kaya nduna, amene ankadziŵa kuti nthendayi idzatipeputsira dzanja. Kukana kuja kudali kolungama chifukwa lamulo lidali losatheka, ndipo kukadakhalabe kolungama ngakhale tikadafa ambiri. Koma kupulumuka kwathu sitidakupange ndife. Nthendayo idayenda pakati pathu mwaufulu ndithu: kafukufuku wa magazi operekedwa ku Malawi Blood Transfusion Service adaonetsa kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka la opereka magazi m'mizinda adali atakumana nako kale kachilomboko. Chachikulu chimene chidatitchinjiriza nchakuti ndife mtundu wa ana. Pafupifupi theka la Amalaŵi sadakwanitse zaka 18, pamene nthendayi inkalusira makamaka okalamba ndi odwala shuga kapena mtima. Mwa njira ina, tidapulumuka chifukwa umphaŵi udali utatichepetsera kale nkhalamba. Chimenechi si chinthu chodzitama nacho.

Ndiponso mau akuti "tikali moyo" amanenedwa ndi amoyo okhaokha. Mabuku a boma adalemba imfa pafupifupi 2,700, ndipo aliyense amene adaikako maliro kumudzi akudziŵa kuti ambiri adapita osayezedwa. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, zidamwalira nduna ziŵiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Zipatala zidasoŵa mpweya wothandizira kupuma, kotero kuti nyumba ya boma ya ku Zomba ndi bwalo la maseŵera la Bingu zidasanduka zipatala, ndipo anthu wamba, motsogozedwa ndi mlembi Onjezani Kenani, adasonkha ndalama zogulira zipangizo. Pamenepo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalamula kuti anthu asayende usiku kuyambira 9 koloko, misika itseke 5 koloko, ndipo pamsonkhano pasapitirire anthu 50. Kukana sikudakule monga mu Epulo muja, pakuti maliro adali ataloŵa m'nyumba za anthu odziŵika. Anthu omwe aja amene ankati nthendayi nja azungu adayamba kufukiza masamba a bulugamu ndi kumwa tiyi wa mandimu ndi jinja. Zimenezi timaziiŵala tikamafotokoza mbiriyi pamthunzi.

Koma cholakwa chachikulu cha mau aja chili pena. Amatipangitsa kukhulupirira kuti m'Malaŵi simudatsekedwe kanthu. Kuno kunyanja tidatsekeredwa ndithu, ndi zitseko zimene woŵeruza sadazikhudze. South Africa itatseka pa 27 Malichi 2020, anyamata athu ambirimbiri a kwa Makanjira, kwa Jalasi ndi ku Namwera amene amagwira maganyu ku Johannesburg ndi ku Durban adakhala manja lende, ndipo ndalama zimene ankatumiza zidauma. Ena adabwerera pamabasi kudzera ku Mwanza, ndipo kumapeto kwa Meyi oposa 400 adathaŵa pabwalo la Kamuzu ku Blantyre pamene adasungidwa poyembekeza zotsatira za kuyezedwa, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Ndege zitaleka kutera kuyambira mu Epulo mpaka mu Sepitembala, malo ogona alendo a ku Chembe ndi ku Nkopola adakhala pululu, ndipo ophika, osema ziboliboli ndi oyendetsa maboti adabwerera kumudzi. Izi nzoŵaŵa, koma akulu amene zidaŵagwera ambiri adadzukanso.

Chitseko chimene chidatsekedwa nthaŵi yaitali kuposa zonse ndi cha sukulu. Chidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo a Sitandade 8 ndi a Folomu 4 adabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Kwa mwana wa Sitandade 6 imeneyi ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Taonani tsono kupotoka kwake. Amene nthendayi inkaŵaopseza pang'ono kuposa onse ndiwo adasenza katundu wolemera kuposa onse. Venda adateteza msika wake ndi mapazi ake pamseu. Wandale adateteza msonkhano wake. Mu Ogasiti 2020, boma litalamula kuti pamsonkhano uliwonse, ngakhale wa mapemphero, pasapitirire anthu 10, Aepiskopi athu adadandaula poyera kuti sadafunsidwe, ndipo pasanapite nthaŵi chiŵerengerocho chidakwera kufika pa 100. Sindikuti adalakwa kudandaula. Ndikungoona kuti aliyense wokhala ndi liu adatsekula chitseko chake m'masiku oŵerengeka, pamene mtsikana wa zaka 14 wa kwa Chimwala, wopanda voti, wopanda loya ndi wopanda guwa lolalikirapo, adadikira theka la chaka. Adalipo amene adamlankhulira, aphunzitsi ena, makolo ndi mabungwe a zamaphunziro, koma liu lao silidagwedeze dziko monga lidachitira liu la msika. Ine ndemwe ndikayang'ana zimene ndidalalika m'miyezi imeneyo ndipeza zambiri zokhudza kusamba m'manja ndi kuleka kupatsana moni wa mtendere, koma za ana okhala pakhomo ndipeza zochepa zochititsa manyazi.

Boma lidati ana aziphunzira pawailesi ndi paintaneti. Amene adakonza zimenezi mwina adali ndi mtima wabwino, koma panyumba pamene wailesi ili ya bambo, mabatire ali osungira mpira ndi nkhani za chisankho, ndipo mtsikana ali woyamba kutumidwa kumjigo, phunziro la pawailesi lidali ngati mvula yogwa panyanja. Anyamata adatsikira kudoko kukakoka makoka, nalaŵa ndalama, ndipo wolaŵa ndalama ya usipa savuta kuiŵala masamu. Atsikana adatumidwa kukagulitsa zitumbuwa ndi mandasi kumadoko komweko, kumene kuli amuna okhala ndi ndalama m'thumba ndi akazi ao kutali.

Mu Julayi 2020 a zaumoyo a boma la Mangochi adaulula kuti atsikana oposa 7,000 adali atapezeka ndi pakati m'miyezi yoyamba ya chakacho. Kafukufuku wa boma pambuyo pake adaŵerenga mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'dziko lonse. Ziŵerengerozi zidafalitsidwa kwambiri, ndipo nzofunika kuzigwira mosamala, pakuti nazonso zimatha kunamiza. Chiŵerengero cha Mangochi chidaposa cha nyengo yomweyo chaka cham'mbuyo ndi pafupifupi 1,000. Ndiye kuti atsikana oposa 6,000 ankatenga kale pakati sukulu zili zotsekula, ndipo dziko silinkadzidzimuka. Amene afuna kukankhira zonse pa mliri akudzichotsera mlandu wakale, wa makolo olandira ndalama za mkamwini wa ku Joni, wa mafumu ongoyang'ana, wa sukulu zopanda zimbudzi za atsikana, ndi wa ife abusa amene timadalitsa zimene tikadayenera kufunsa. Komabe 1,000 woonjezerawo si mphepo. Ndi makalasi athunthu khumi kapena kuposerapo, m'boma limodzi, m'miyezi yoŵerengeka. Sukulu kwa mtsikana wakumudzi simalo ophunzirirako pokha. Ndi chifukwa chimene mai ake amapereka kwa wofunsira mbeta ponena kuti mwanayu akali pasukulu. Chifukwacho chitachotsedwa, mai adasoŵa choyankha.

Apa mpamene chigamulo cha oŵeruza aja, ngakhale chili chabwino, chimaonetsa malire ake. Bwalo limayankha funso limene lafunsidwa, ndipo limafunsidwa ndi amene atha kufika pakhomo pake. Lidateteza ufulu wofuna chakudya cha lero, popeza njala ya lero imaoneka ndipo imafuula. Chimene mwana adataya sichidaoneke tsiku limenelo, chifukwa chidali cha zaka khumi zakutsogolo. Ubwino wa onse, umene Aquinas amati ndiwo cholinga cha lamulo lililonse, suŵerengedwa pophatikiza zofuna za amene afika pabwalo. Uyenera kuŵerengeranso amene sadziŵa nkomwe kuti bwalolo lilipo. Mfumu ya ku Mbenji potseka nyanja imaganizira nsomba zimene sizidaswedwe ndi asodzi amene sadabadwe. Ife tidachita zosiyana: tidatsekula za lero, nkutseka za maŵa.

Wina angandifunse kuti, kodi boma likadatani, popeza maiko pafupifupi onse adatseka sukulu? Nzoona, ndipo pa kutseka kwa mu Malichi sindiliimba mlandu, pakuti nthaŵi imeneyo kudali mdima kwa aliyense. Mlandu uli pa kutalika kwake. Pofika mu Juni zidali zitadziŵika kuti ana sadwala kwambiri nthendayi, ndipo dziko limene lidatha kuimika anthu mamiliyoni pamizere ya voti pa 23 Juni likadatha kukhazika ana pansi pa mitengo ya mango, monga ambiri amaphunzirira kale. Chidasoŵa ndi munthu wamphamvu amene kutsekako kunkamupweteka iye mwini. Ndipo phunzirolo silidaloŵe. Mu Januwale 2021 sukulu zidatsekedwanso, ndipo pamene zinkati zitsekulidwe mu Febuluwale aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo, mpaka ana eni ake adatuluka m'miseu kupempha kuti aziphunzira. Chaka chomwecho kudamveka za K6.2 biliyoni ya mliri, imene gawo lake lidathera m'maalawansi ndi m'zogula zokayikitsa, ndipo nduna ina idachotsedwa ntchito mu Epulo. Kolera itabuka mu 2022, nipha anthu oposa 1,700, Mangochi ali m'gulu la maboma okanthidwa koposa, dzanja lidathamangiranso pachitseko chomwecho: mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwetsedwa kutsekulira.

Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka lilipo kuyambira 1993, ndipo mafumu ena ndi magulu a amai adayesetsa kuthetsa maukwati a ana ndi kubweza ena m'kalasi. Ndikuŵadziŵa angapo amene adabwerera, ndipo mmodzi adalemba mayeso a Folomu 4 mwana ali kwa agogo ake. Ambiri sadabwerere. Ndikatsekula buku la ubatizo la 1 Januwale 2021 kupita m'tsogolo, pamzere wolembapo dzina la mai ndimapeza maina amene zaka ziŵiri zokha m'mbuyo mwake ndidaŵalemba ndi dzanja langa pamndandanda wa ana a Ukaristia woyamba ndi a Kulimbitsa. Pa ena mzere wa dzina la bambo udatsala wosalembedwa. Ana amene adabatizidwa nthaŵi imeneyo tsopano ali pafupi kuyamba Sitandade 1, ndipo odzaŵaperekeza pachipata cha sukulu ndi amai ao aja, amene adatulukira pachipata chomwecho Lachisanu pa 20 Malichi 2020, atauzidwa kuti adzamva pawailesi tsiku lobwerera.